Kaseti ya Apongozi

Efulemu anali munthu woti akalowa m'laibulale ya koleji ya zaulimi ija ili kuseri kwa Mitundu, ankavula chipewa ngati walowa m'tchalitchi. Zaka zisanu akugwira ntchito momwemo, koma ulemu wamantha uja sunamuchoke. Anzake ankamuseka kuti amapereka moni kwa mabuku, ndipo iye sankakana ayi.

Pakona, pafupi ndi zenera loyang'ana kuphiri, panali shelefu imene mnyamatayu ankaikonda kuposa zonse. Mbiri yake inali yotere. Koleji itangotsegulidwa, mabuku onena za miyambo ya anthu a m'dziko muno analipo atatu okha, olembedwa ndi azungu a mishoni, onse okamba za mafumu, nkhondo ndi mikondo. Tsiku lina mayi wina wophunzitsa za pakhomo anawabweza onse atatu pakauntala n'kufunsa kuti, "Kodi anthu a m'mabukuwa anabadwa kwa ndani? Mkazi mulibemo ndi mmodzi yemwe!" Funso limenelo ndilo linabala shelefu. Ophunzira akamapita kutchuthi ankapatsidwa makope kuti akalembe zimene amayi a kwawo amachita: kaumbidwe ka mbiya kwa Achewa, kaphikidwe ka amayi a Chiyao, kafulidwe ka mowa kwa Angoni ndi Atumbuka. Makopewo anayamba kusungidwa m'katoni ya sopo, kenaka anadzaza matabwa anayi.

Bambo Maliro, mkulu wa laibulale, anali munthu wochenjera. Masiku amenewo kulemba mayina a mafuko pashelefu kukanatha kutchedwa tsankho, ndipo mlandu wa tsankho sunkazengedwa kubwalo. Tsono iwo anangomata kapepala kakuti "Za Amayi ndi Zapakhomo". Akuluakulu a boma akabwera kudzayendera mabuku ankangodutsa pamenepo, poganiza kuti ndi zophikaphika.

M'chaka cha 1983 kunabwera wailesi ya kaseti yojambulira mawu, ndipo a Maliro anaipereka m'manja mwa Efulemu. Abale inu, mukanamuona mmene anainyamulira! Ngati khanda la tsiku limodzi.

* * *

Wailesi imeneyo ndiyo inamupezera mbeta. Anapita nayo pamsika wa Mitundu kuti akaisoketsere chikwama choteteza fumbi, ndipo pakhonde la sitolo ya Che Sefu anapeza mtsikana akupalasa makina osokera, tepi yoyezera ili m'khosi. Dzina lake anali Jacinta.

"Mukufuna ndiyeze ndani, inu kapena mwana wanuyu?" anafunsa mtsikanayo osamwetulira n'komwe.

"Mwanayu. Koma mumugwire bwino, ndi wa boma."

"Ana a boma ndiye amalira kwambiri. Amadya chiyani?"

"Mabatire anayi."

Apo mpamene Jacinta anaseka, ndipo Efulemu anaiwala chimene anabwerera. Chikwama chinali ntchito ya tsiku limodzi, koma mnyamatayu anabwerako kasanu ndi kawiri: lero lamba watalika, mawa batani lathina. Che Sefu mpaka anamuuza kuti, "Achimwene, benchi langali likutha. Kafunsireni mbeta basi."

Jacinta ankakhala kwa mayi ake aang'ono pa Mitundu pomwepo, koma kwawo kunali kumudzi wina kupitirira Nathenje. Bambo ake, iye anati, anamwalira ndi chifuwa mtsikanayo ali ndi zaka zinayi. Za mayi ake ankangonena mawu ochepa.

"Amayi anga ndi munthu wa zii. Saimba ngakhale m'tchalitchi. Chibadwire sindinawaonepo mano akuseka."

"Ndiye andilandira ine?"

"Mukakhala ndi mwambo akulandirani. Amayi anga chilichonse amakhululuka, koma osati kusowa mwambo."

Efulemu anadziguguda pachifuwa. Mwambo? Si ndiye ntchito yake imeneyo, yosunga miyambo pashelefu?

* * *

Mwezi wa Ogasiti anatumidwa ku Nathenje kukajambula nyimbo za amayi. Mlangizi wa kumeneko anasonkhanitsa amayi pansi pa mtengo wa mkuyu kuseri kwa msika. Atangoona maikolofoni, amayiwo anayamba nyimbo za chipani, poti zaka zimenezo munthu akakulozetsa maikolofoni nyimbo inali imeneyo basi. Efulemu anajambula, anathokoza, mtima uli pansi.

Anthu atabalalika panatsala mayi mmodzi wamtali, wa mphini m'masaya, amene ankagulitsa mtedza wokazinga palichero.

"Iwe mwana, mawu akalowa m'kabokosi kakoko amapita kuti?"

"Amakasungidwa kukoleji, mayi. Ngakhale mwini wake atamwalira, iwo amakhalabe."

"Osaola?"

"Osaola."

Mayiyo anayang'ana kabokosiko nthawi yaitali. "Kwanu n'kuti?"

"Ku Malingunde."

"Kutali. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ine ndine Nankhoma, dzina lina usandifunse. Khala pansi apa."

Anabwereka mtondo ndi musi panyumba ina, anathiramo chimanga, anamanga chitenje m'chiuno. Musi utagunda katatu, anatsegula pakamwa.

*Gilibati de, Gilibati,*
*chingwe cha mikanda unadula ndiwe.*
*Ndatolera yonse pamphasa,*
*koma iwe sindinakutole.*

Efulemu anamva tsitsi likuimirira. Mawu amenewo sanali a munthu wogulitsa mtedza. Anali akuya, aukali, okoma moti mayi wina amene ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni anaima chiimire mpaka nyimbo inatha. Mnyamatayu anachita mantha, mantha enieni, ngati wasuzumira pamalo osayenera kusuzumira.

Nyimbo zitatha, Nankhoma anakhala pansi n'kuyamba kulankhula, ndipo analankhula mpaka mbali zonse ziwiri za kaseti zinadzaza. Anatchula dzina la mwamuna wake poyera, chinthu chimene mkazi wa kumudzi sachita. Anafotokoza mmene Gilibati anamufunsira kudambo, mmene anamugulira mikanda ya m'chiuno atakolola fodya wake woyamba, mmene ankaiseweretsera ndi zala mpaka chingwe kuduka, ndi zina za m'nyumba zimene ine pano sindingazibwereze. Ankaseka mpaka misozi, uku akumenya Efulemu pabondo, onse awiri akutapa mtedza palichero limodzi. Kenaka anafotokoza za m'mawa umene galimoto ya boma inabwera kudzatenga Gilibati chifukwa cha mawu amene analankhula pamowa. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zapita, ngakhale malaya ake sanabwezedwe.

"Ana ndinawauza kuti chinali chifuwa," anatero. "Mwana sasunga pakamwa. Koma ndatopa kusenza ndekha. Kabokosi kakoko kasenzeko."

Efulemu anabwerera ku Mitundu chikwama atachikumbatira pamtima. Kwa Jacinta anangonena kuti wakumana ndi mayi woimba ngati mngelo, ndipo mtsikanayo anati Nathenje ndi wamkulu, oimba ndi ambiri. Kasetiyo inadindidwa chidindo cha koleji, inapatsidwa nambala, ndipo Enifa, mtsikana wotayipa m'laibulale, anatayipa mawu ake onse pamapepala khumi ndi awiri.

* * *

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, Efulemu ananyamuka ndi atsibweni ake, a Matthews, kukaonekera kwawo kwa Jacinta. Anatsika basi pa Nathenje n'kuyenda pansi mtunda wa ola limodzi, a Matthews akumulangiza njira yonse.

"Tamvera, mphwanga. Ife tikukalankhula ndi atsibweni a mtsikanayo, a Lazaro. Iwe pakamwa tseka. Apongozi ako aakazi usawayang'ane kumaso, usawapatse dzanja, dzina lawo usalitchule. Ukawaona akubwera m'njira, patuka ulowe patchire. Mkamwini ndi mpongozi sadyera pamodzi mpaka imfa. Wamva?"

"Zimenezo ndimazidziwa, atsibweni. Zili pashelefu yathu."

"Za pashelefu n'za pashelefu."

Atafika pamudzipo, anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. A Lazaro anafika, moni anaperekedwa, nkhani inayamba kuyenda bwino ngati madzi a m'ngalande. Jacinta anabwera chogwada ndi thobwa, maso pansi, koma pochoka anamuponyera Efulemu diso limodzi lomwe linamufika mpaka kuchala cha kuphazi. Kuseri kwa nkhokwe atsikana ankasuzumira n'kumanong'onezana kuti mkamwini ndi wa nsapato zonyezimira.

Ndiye kunatulukira mayi wina kuchokera kuchitsime, ndowa pamutu. Wamtali, wa mphini m'masaya.

Mayo ine, Efulemu! Malangizo onse aja anauluka. Chimene anaona ndi mayi wa nyimbo uja, munthu amene ankamulemekeza kuposa maprofesa onse a pakoleji. Anadzambatuka pamphasa, nkhope ili ngwee, dzanja lili patsogolo.

"Mayi Nankhoma! Ndi inu? Mwandikumbuka? Ndine uja tinadya mtedza pa Nathenje, wa kaseti ya mikanda ija!"

Ndowa inapendekeka, madzi anakhuthukira kumsana kwa mayiyo. Anakoka chitenje n'kudziphimba kumaso, anatembenuka, nathamangira kuseri kwa nyumba ngati waona njoka. Jacinta anali ataima pakhomo la khitchini, manja ali pakamwa.

"Khala pansi, chitsiru iwe," a Matthews ananong'ona mano ali gwa. "Amenewo ndiwo apongozi ako."

* * *

Dzuwa linali litapendeka pamene a Lazaro anawaitanira kumpanda wa udzu wa kuseri kwa nyumba. Nankhoma anali mkati mwa mpandawo, alendo kunja. Sankaonana, koma mawu ankadutsa bwinobwino. Ngakhale zinali choncho, mayiyo sanalankhule ndi Efulemu. Ankalankhula ndi mlongo wake.

"Achimwene, muwauze alendowo kuti ine ndinalankhula ndi munthu wa m'njira. Sindinalankhule ndi mkamwini."

A Lazaro anabwereza mawuwo limodzilimodzi, ngati kuti enawo ndi ogontha.

"Muwauze kuti munthu amene wadya nane palichero, amene ndamugwira bondo, amene akudziwa za m'chiuno mwanga, ndingamupatse bwanji mwana wanga? Azidzalima m'munda mwanga akudziwa zimene akudziwazo? Ine ndizidzayenda bwanji pamudzi pano?"

Mawu aja, amene pa Nathenje ankagwedeza mkuyu, tsopano ankanjenjemera. Efulemu anamva chisoni chachikulu, ndi manyazi oti nthaka ikanang'ambika akanalowamo.

"Atsibweni," anatero kwa a Matthews, poti nayenso sakanatha kuyankha mwachindunji, "muwauze kuti ndalakwa. Sindinadziwe. Chimene anganene ndichita."

Kenaka mawu a Nankhoma anamvekanso mkati mwa mpanda.

"Achimwene, muwauze kuti mwana wangayu akumufuna mnyamatayu, ndamuona mmene wakhalira osadya. Njira ilipo imodzi. Loweruka likudzali abwere nacho chinthu chakecho, ndi mapepala ake omwe ngati analemba. Achitenthe pamaso panu. Chikapsa, ine ndidzati tsiku la pa Nathenje lija ndinalota, iyenso analota, ndipo tidzayamba kuopana monga mwa mwambo. Chikapanda kupsa, asadzapondenso pano. Ndipo Jacinta asamve kanthu ka zimene zili m'menemo."

Jacinta anawaperekeza mpaka pamlatho wa mitengo. Anali atamva za mtedza ndi za kaseti, koma za mkati mwake sanadziwe.

"Muli chiyani m'menemo, a Efulemu?"

"Nyimbo chabe."

"Amayi anga saimba."

Efulemu anayang'ana madzi. Mtsikanayo anamugwira mkono wa malaya. "Kaya muli chiyani, katentheni. Kaseti ndi kaseti. Ine sindikufuna mwamuna wina."

* * *

Lolemba ndi Lachiwiri Efulemu ankangozungulira shelefu ija ngati nkhuku yofuna poikira. Lachitatu anakagogoda kwa a Maliro n'kuwafotokozera zonse. Mkuluyo anavula magalasi.

"Efulemu, zaka zonsezi takhala tikutolera zimene ophunzira analemba za amayi awo. Kaseti imeneyo ndi yoyamba imene mayi akudzilankhulira yekha, ndi pakamwa pake. Ina ngati imeneyo sitidzaipezanso. Lamulo likuti chodindidwa sichituluka." Anapukuta magalasiwo pang'onopang'ono. "Koma mawuwo ndi a mwini wake. Lachisanu masana ine ndidzakhala kumsonkhano, ndipo sindidzawerenga makaseti. Usandiuze zimene udzasankhe."

Chitseko cha ofesiyo chinali cha matabwa opyapyala, ndipo makina a Enifa anali atasiya kulira nthawi yonse imene awiriwo ankalankhula. Tsono Enifa ameneyu anali atamusungira Efulemu malo mumtima zaka zitatu. Ankamubweretsera mbatata yootcha, ankamutayipira makalata mwaulere, iye osaona kanthu. Kumva kuti akumusiya chifukwa cha telala wa pakhonde kunamuwawa ngati chilonda chothiridwa mchere. Madzulo ake anapatsira mayi wina wogulitsa tomato kakalata kopita kusitolo ya Che Sefu: *Bwera mawa nthawi ya nkhomaliro udzamve zimene mayi ako anauza mwamuna wako.* Iye ankati mtsikanayo akamva za mikanda, manyazi adzamuthamangitsa yekha.

* * *

Lachinayi Efulemu anabwerera msanga kuchokera kunkhomaliro. Maganizo anali atamanga: mawa atenga kaseti, Loweruka aitentha, ndipo adzalira payekha. Polowa anaona Enifa pakauntala akupeka tsitsi, akumwetulira ngati munthu amene watchera msampha. Anayang'ana pakona paja.

Jacinta anali atakhala patebulo la pazenera, mahedifoni ali m'makutu, wailesi ikuzungulira. Anali atavula nsapato. Manja onse awiri anali atagwira m'mphepete mwa tebulo ngati akuopa kugwa, misozi ikutsika osaipukuta.

Efulemu anayandikira mwakachetechete. Kaseti inafika kumapeto, batani linadumpha lokha. Mtsikanayo anavula mahedifoni pang'onopang'ono.

"Jacinta, ndikhululukire. Amayi anati usamve."

"Amaseka," anatero Jacinta, mawu ali pansi. "A Efulemu, amayi anga amaseka! Mwawamva? Amaseka ngati mtsikana. Ndipo mawu amenewa anali m'nyumba mwathu zaka zonsezi, ine n'kumagona nawo chipinda chimodzi osadziwa?"

"Ngakhale ine tsiku limenelo ndinachita mantha."

"Bambo anga ankaimba mluzu akamabwera kudambo. Anali ndi mpata m'mano ngati wangawu. Ankawakonda amayi mpaka kuwadulira mikanda." Anaseka pang'ono m'kati mwa misozi, osachita manyazi ngakhale pang'ono, ndipo pakauntala paja kumwetulira kwa Enifa kunazima. "Ine ndimati anali munthu wa chifuwa basi. Manda ndinafunsa kangati? Amati ali kutali."

Anakweza maso n'kuyang'ana matabwa anayi aja, makope akale a zikuto zothimbirira, mayina a midzi olembedwa pamsana. Anawerenga kakhadi ka pabokosi la kaseti: *Nankhoma, mayi wa ku Nathenje. Nyimbo za pamtondo ndi mbiri ya moyo wake.*

"Onsewa ndi amayi a anthu?"

"Onsewo."

"Ndipo amayi anga ali pakati pawo, m'nyumba ya maprofesa, ndi nambala yawoyawo." Anagwira kakhadiko ndi nsonga ya chala. "Sukulu sanapiteko ngakhale tsiku limodzi."

Efulemu anagwada pambali pa mpando, osasamala kuti ophunzira ayamba kulowa. "Usadandaule, Jacinta. Mawa ndiitenga, Loweruka ndikaitentha pamaso pa atsibweni ako. Amayi sadzadziwa kuti wamva. Tidzakwatirana chimanga chisanache."

Mtsikanayo anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Mukatenthe chiyani?"

"Si unanena wekha pamlatho paja? Unati kaseti ndi kaseti."

"Ndinanena ndisanamve. Amayi sadzandiuza zimenezi ndi pakamwa pawo, ndimawadziwa. Akadzamwalira, bambo anga adzatsala muno mokha. Ana anga ndidzawauza chiyani, chifuwa? A galimoto aja anawatenga kamodzi, a Efulemu. Inu mukufuna muwatenge kachiwiri?"

"Nanga ine nditani? Ikapanda kupsa, kwanu sindipondako. Wawamva wekha amayi ako!"

"Ndawamva. Lero ndiye ndawamva bwino." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, ndipo mawu ake anakhala akuya ngati a m'kaseti aja. "Ndimakukondani, Mulungu akudziwa. Koma mukaitentha, amayi adzakulandirani ngati mkamwini, koma ine ndiye mudzandisowa."

Atatero anatembenuza kaseti, anabwezera mahedifoni m'makutu, nadina batani. Efulemu anatsala chigwadire pasimenti. Loweruka linali mkuja.